HENRY DRUMMOND, MLALIKI AMENE ANAŴERENGA MIYALA YA KU KARONGA

 Pamene komiti inandiuza kuti monga mlembi ndilembe mbiri ya munthu mmodzi wakale m'magazini ino ya chikondwerero chathu, ndinada nkhaŵa, pakuti ine sukulu yanga inathera ku pulayimale. Poyamba ndinaganiza za Dotolo Laws, koma mbiri yao ambiri mwa inu mukuidziŵa kale. Tsono ndasankha munthu wina amene dzina lake silimveka kaŵirikaŵiri m'matchalitchi mwathu, chonsecho anaponda nthaka ya boma lathu lino la Karonga m'chaka cha 1883. Munthuyo ndi malemu a Henry Drummond, mlaliki amenenso anali mphunzitsi wa sayansi.

Ndawasankha chifukwa cha zinthu ziŵiri zimene zikutisautsa m'makomo mwathu. Choyamba ndi ichi: ana athu akapita ku sekondale, naphunzira za nsagwada yakale imene inapezeka kwathu kuno ku Uraha, ena amabwera nanena kuti Baibulo latha ntchito, ndipo ife makolo, posoŵa choyankha, timangowakalipira. Chachiŵiri ndi ichi: pakagwa matenda kapena maliro, enafe timathamangira kwa anthu amene amati alandira uthenga kwa mizimu kapena m'maloto, ndipo uthengawo nthaŵi zambiri umathera pa kuloza chala agogo a m'mudzi. A Drummond analimbana ndi mafunso onse aŵiri, ndipo moyo wao ungatithandize.

UBWANA WAO

Henry Drummond anabadwa pa 17 Ogasiti 1851 mu mzinda wa Stirling ku Scotland. Atate ake, amenenso dzina lao linali Henry, anali ndi malonda ogulitsa mbeu, ndipo banja lonse linali la mpingo wa Free Church of Scotland, mpingo womwe uja unatumiza amishoni a Livingstonia kuno m'chaka cha 1875. Mnyamatayu anali wokonda kuseŵera, wokonda kuŵedza nsomba m'mitsinje, ndiponso wokonda kutola miyala ndi kufunsa kuti inakhala bwanji chomwecho. M'chaka cha 1866, ali ndi zaka 15 zokha, analoŵa sukulu ya ukachenjede ya Edinburgh, ndipo mu 1870 anayamba maphunziro a ubusa pa New College mu mzinda womwewo.

Ali pa sukulupo anachita chidwi ndi luso lina limene linatchuka ku Ulaya masiku amenewo, logoneka munthu ngati ali m'tulo chonsecho maso ali gwa, kotero kuti amachita zimene womugonekayo wamuuza. Mnyamata Henry analiphunzira lusoli, naliyesa pa anzake, ndipo linatheka ndithu. Masiku omwewo ku Britain ndi ku America kunali anthu ambiri amene ankasonkhana m'zipinda zamdima, atazungulira tebulo, kudikira kuti akufa alankhule kudzera pakamwa pa munthu wamoyo. Kukadakhala kosavuta kuti iye adzitchule munthu wa mphamvu zobisika ndi kudya nazo ndalama. Koma ataona kukula kwa mphamvu imene munthu angakhale nayo pa maganizo a mnzake, analisiya lusolo. Apa tiphunzirepo kuti si chodabwitsa chilichonse chimene chimachokera kumwamba. Zina zimachokera m'maganizo a munthu, ndipo munthu woopa Mulungu saseŵera ndi mtima wa mnzake.

NTCHITO YA CHITSITSIMUTSO

Kumapeto kwa chaka cha 1873 kunafika ku Edinburgh alaliki aŵiri a ku America, a Dwight L. Moody ndi a Ira Sankey oyimba nyimbo. Anthu anadzaza m'matchalitchi. A Drummond, amene panthaŵiyo anali ndi zaka 22, anayamba kuthandiza m'chipinda chimene ankapitako anthu ofuna kufunsa misonkhano ikatha. A Moody anaona kuti mnyamatayu ali ndi mphatso yomvetsera. Sankafuula, sankaopseza munthu ndi moto, koma ankakhala pansi ndi munthu mmodzi mpaka munthuyo atatulutsa zonse za kukhosi. Motero anaimika maphunziro ao, nayenda m'mizinda ya Scotland, Ireland ndi England mpaka chaka cha 1875, kutsogolera misonkhano ya anyamata.

M'chaka cha 1877 mpingo unawapatsa ntchito yophunzitsa sayansi ya zachilengedwe pa koleji yake ya ubusa ku Glasgow. Taonani, amayi, mpingo umene unatibweretsera Uthenga Wabwino unkafuna kuti abusa ake adziŵe za miyala, zomera ndi nyama. Sunkaopa sayansi ayi. Mkati mwa sabata a Drummond ankaphunzitsa ophunzira ao zimenezi, ndipo pa Sabata ankalalikira anthu ogwira ntchito m'mafakitale ku Possilpark, dera la anthu osauka mu mzindawo. Poyamba ankayesa kuti ziŵirizi zikhale m'zipinda zosiyana m'mutu mwao, koma m'kupita kwa nthaŵi khoma la pakati linagwa, ndipo zimene ankaphunzitsa Lolemba zinayamba kuloŵa mu ulaliki wa pa Sabata.

BUKU LIMENE LINAWATCHUKITSA

Maulaliki amenewo anawasonkhanitsa m'buku lotchedwa Natural Law in the Spiritual World, kutanthauza kuti malamulo a chilengedwe amagwiranso ntchito m'dziko la mzimu. Linatuluka m'chaka cha 1883. Mfundo yao yaikulu inali yakuti Mulungu amene analenga zooneka ndi yemweyo analenga zosaoneka, tsono sangakhale wadongosolo kumunda koma wachisokonezo ku zauzimu.

Ndipereke zitsanzo ziŵiri. Kale anthu ankakhulupirira kuti tizilombo timangobadwa tokha m'chakudya choola, monga enafe timaganizira kuti anankafumbwe amachokera m'chimanga momwemo. Koma a Louis Pasteur a ku France ndi asayansi ena anaŵiritsa msuzi, nautchinga kuti fumbi lisaloŵe, ndipo simunabadwe kanthu. Zinadziŵika tsono kuti chamoyo chimachokera kwa chamoyo chinzake basi. A Drummond anati n'chimodzimodzi ndi moyo wauzimu: munthu sangadzipatse yekha, ngakhale atavala bwino chotani pa Sabata, koma ayenera kuulandira kwa Khristu amene ali wamoyo. Iyi ndi nkhani ija ya Nikodemo pa Yohane 3.

Chitsanzo chachiŵiri ndi cha zomera ndi tizilombo tokhalira kuyamwa zinzake. Ife kuno tikudziŵa kaufiti, amene amakakamira ku mizu ya chimanga nadya zimene sanazivutikire. A Drummond anaonetsa kuti cholengedwa chikazoloŵera kudyera pa chinzake, ziwalo zake zimafota chifukwa sizigwiranso ntchito. Anati Mkhristu amene sapemphera yekha, saŵerenga yekha, saganiza yekha, koma amangodikira kuti munthu wina amubweretsere mau ochokera kumwamba, chikhulupiriro chake chimafota chomwecho. Mau ameneŵa ndi oŵaŵa, koma tiyeni tidzifunse ngati sakutikhudza.

ULENDO WA KU NYANJA

Bukuli lisanayambe kumveka, a James Stevenson, munthu wachuma wa ku Glasgow ndiponso mkulu wa kampani ya African Lakes imene makolo athu ankaitcha Mandala, anawapempha kuti abwere kudzafufuza miyala, zomera ndi nyama za dera la pakati pa nyanja yathu ndi nyanja ya Tanganyika. Ananyamuka mu Juni 1883. Analoŵera ku Quelimane, nakwera mtsinje wa Zambezi, naima pa Shupanga kuona manda a Mayi Mary Livingstone amene anamwalira mu 1862. Kenaka anatsata Shire mpaka ku Blantyre, nakaonanso nyanja ya Chilwa, ndipo pambuyo pake anakwera sitima ya Ilala, yoyamba ija imene inaloŵa m'nyanja yathu mu 1875.

Atafika ku Cape Maclear, kumene Livingstonia inayambira, anapeza nyumba zili chiimire koma mulibe amishoni, pakuti anali atasamukira ku Bandawe mu 1881 chifukwa cha malungo. Chimene chinatsala ndi manda. Ku Bandawe anadya nao Mgonero wa Ambuye m'katchalitchi kakang'ono, ndipo chikho anachilandira m'manja mwa Mkhristu wakuda, mmodzi wa oyamba kubatizidwa. Pambuyo pake analemba kuti chimenechi chinali mwa zikumbutso zopatulika koposa za moyo wao wonse.

Kuno ku Karonga anafika mu Seputembala, ndipo anapeza maliro ali aposachedwa. A James Stewart, injiniya amene ankalambula mseu wa Stevenson wochokera ku Karonga kuloŵera ku Tanganyika, anali atamwalira ndi malungo mu Ogasiti. A Drummond sanabwerere m'mbuyo. Anatenga anthu onyamula katundu, nakwera mapiri kuloŵera cha kwa Mweniwanda, m'dera limene lero ndi boma la Chitipa. Kumeneko nawonso malungo anawagwira, mvula inayandikira, ndipo ku Tanganyika sanafikeko.

ZOBISIKA ZIMENE ANAZIONA

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. A Drummond anali munthu wodekha, ndipo anaona zinthu zitatu zobisika zimene anazilemba m'buku lao la Tropical Africa, lotuluka mu 1888.

Choyamba anachipeza m'miyala ya m'mbali mwa mtsinje wa Rukuru, kuzambwe kwa Karonga. Atasŵa miyalayo anapezamo mamba a nsomba ndi zigoba za m'madzi zimene zinasanduka mwala kalekale. Izi zinaonetsa kuti pamene lero pali mtunda, kale panali madzi. Zinali zina mwa zoyamba za mtundu umenewu kupezedwa ndi asayansi m'chigawo chino cha Africa, ndipo akatswiri amene anabwera pambuyo anatcha miyalayo ndi dzina la a Drummond.

Chachiŵiri ndi chiswe. Ife timadana nacho chifukwa chimadya nsichi ndi nkhokwe, timangochikonda pa nthaŵi ya ngumbi. Koma iwo anakhala masiku ambiri akuchiyang'anitsitsa, naona kuti chimatulutsa dothi la pansi kulikweza pamwamba, ndi kuchotsa mitengo yakufa m'nkhalango. A Charles Darwin anali atalemba mu 1881 kuti ku Ulaya nyongolotsi ndizo zimatembenuza nthaka. A Drummond anati kuno ntchito yaikulu yotere ikugwiridwa ndi chiswe. Mayi aliyense amene anabzalapo maungu pa chulu adziŵa kuti pali choonadi pamenepa.

Chachitatu n'choseketsa. Tsiku lina kaudzu kouma kanagwera pa malaya ao, ndipo mmodzi wa anthu ao anakaloza nanena kuti ndi chirombo. Mzunguyo, ngakhale anali mphunzitsi wa sayansi, anakatenga, nakatembenuza, naumirira kuti ndi udzu. Koma munthu wa kumudzi uja ndiye ankanena zoona: kanali kachirombo kamoyo kamene kamadzibisa pofanana ndi udzu kuti mbalame zisakadye. Kuyambira pamenepo anayamba kupeza tizirombo tofanana ndi masamba, timitengo, ngakhale zitosi za mbalame. Mphunzitsi wa ku Glasgow anaphunzira kwa munthu amene sanaloŵepo m'kalasi, ndipo sanachite manyazi kulemba kuti zinatero.

Pa ulendowo panalinso munthu wina dzina lake Moolu, amene anamva Mau a Mulungu ku mishoni ya Livingstonia. Sankadziŵa kuŵerenga kapena kulemba. Usiku wina, anthu onse atagona, a Drummond anamva kunong'ona, ndipo atasuzumira kunja kwa hema anaona pa kuŵala kwa mwezi kagulu ka anthu katagwada, Moolu ali pakati kutsogolera pemphero. Palibe anamutuma. Anachitira umboni kuti munthuyu anali wokhulupirika pa chilichonse chimene anamusungitsa. Moolu sanalose, sanagwe pansi, sanatchule mfiti. Umboni wake unali khalidwe lake.

Koma ndisabise mbali ina. A Drummond anakhala kuno miyezi yoŵerengeka chabe, zinenero zathu sanazidziŵe, ndipo m'buku lomwelo muli malo amene analemba za makolo athu ngati kuti ndi ana osadziŵa kanthu. Pamenepo analakwa, monga analakwira azungu ambiri a nthaŵi yao. Munthu amene anatha kuona moyo m'kaudzu sanathe kuona nzeru zonse za Ankhonde, Atumbuka ndi Atonga. Komabe tiyamike kuti anadzudzula kolimba malonda a akapolo, nawayerekeza ndi matenda a mtima amene akupha Africa. Tikudziŵa zimene Mlozi anachita kuno kuyambira 1887 mpaka anagonjetsedwa mu Disembala 1895.

CHINTHU CHACHIKULU KOPOSA

Atabwerera kwao mu Epulo 1884 anapeza kuti dzina lao lili pakamwa pa aliyense. Buku lao loyamba lija linagulidwa makope pafupifupi 70,000 m'zaka zisanu. Chaka chomwecho anakwezedwa kukhala profesa, nadzozedwa. Kuyambira 1885 ankachititsa misonkhano ya ophunzira a ku yunivesite ya Edinburgh pa Sabata madzulo, ndipo anyamata ophunzira udokotala, amene ambiri anali ataleka kupita ku tchalitchi, ankadzaza holo. Sankawaletsa kufunsa. Ankasiyanitsa munthu wokayika ndi munthu wokana, nati wokayika akufunafuna kuŵala, ndipo Ambuye sanamuthamangitse Tomasi.

Ulaliki wao wotchuka koposa ndi wa pa 1 Akorinto 13, umene unasindikizidwa ndi dzina lakuti The Greatest Thing in the World, ndiko kuti chinthu chachikulu koposa pa dziko lapansi. A Moody ataumva anawaitana kuti akaulalikire ku Northfield ku America mu 1887. Apanso anatenga chitsanzo cha sayansi. Kuŵala kwa dzuŵa kumaoneka koyera, koma kukadutsa m'galasi la ngodya zitatu kumagaŵika mitundu monga ya utawaleza. Anati Paulo anachita chomwecho ndi chikondi, nachigaŵa m'zigawo 9: kuleza mtima, kukoma mtima, kusachita nsanje, kudzichepetsa, ulemu, kusadzikonda, kusapsa mtima, kusaganizira anzako zoipa, ndi kukonda choonadi. Onani kuti pa zonsezi palibe chachilendo. Ndi zinthu za pa chitsime, pa chigayo ndi pa maliro. Ndipo mutu womwewo umatiuza kuti ulosi ndi kudziŵa zinsinsi zonse n'kopanda pake ngati chikondi palibe.

MAYI M'CHILENGEDWE

M'chaka cha 1893 anakamba nkhani zingapo ku Boston, ndipo zinatuluka mu 1894 m'buku lotchedwa The Ascent of Man, lonena za kukwera kwa mtundu wa anthu. Masiku amenewo otsatira a Darwin ambiri ankati moyo ndi nkhondo yokhayokha, wamphamvu ndiye amatsala. A Drummond anavomereza kuti zamoyo zinasintha pang'onopang'ono m'nyengo zazitali, koma anati anthu aiŵala theka la nkhaniyo. Pali kulimbana kofuna kudzipulumutsa wekha, inde, komanso pali kulimbana kofuna kupulumutsa wina. Mbeu imasungira chakudya kamera kamene sikanabadwe. Thadzi limafungatira anapiye kabaŵi akamazungulira. Nyama yoyamwitsa imapereka thupi lake lomwe kwa mwana.

M'bukumo muli mutu wathunthu wonena za mayi. Anati nsomba zambiri zimaikira mazira n'kuchoka, ndipo ana sadziŵa amao. Koma mwana wa munthu amabadwa wosatha kanthu, amakhala kumsana miyezi yambiri, ndipo kufooka kwakeko ndiko kunakhala sukulu imene anthu anaphunziriramo kuleza mtima, chifundo ndi kudzipereka. Kwa iwo, mayi ndiye nsonga ya ntchito yonse ya chilengedwe. Amayi anzanga, pamene mukuchezera usiku ndi mwana wodwala, kapena mukutunga madzi a mayi wamasiye, dziŵani kuti munthu wina wophunzira anaona dzanja la Mulungu pamenepo.

M'buku lomwelo anachenjeza Akhristu amene amafunafuna mipata, ndiko kuti zinthu zimene sayansi sinathe kuzifotokoza, n'kumati Mulungu ali m'menemo. Anati tikatero, tsiku limene mpatawo udzatsekedwe tidzaoneka ngati Mulungu wathu wachepa. Mulungu sakhala m'zosadziŵika zokha ayi. Ali m'zodziŵika zomwe, m'kumera kwa mpunga wa ku Kaporo ndi m'kubadwa kwa mwana kuchipatala.

Si onse anakondwera. Asayansi ena anati akusakaniza ulaliki ndi sayansi, ndipo akutenga zinthu zongofanana ngati n'chinthu chimodzi. Abusa ena anati achepetsa nkhani ya kuchimwa kwa Adamu ndi ya mtanda. M'chaka cha 1895 madandaulo anafika ku Msonkhano Waukulu wa mpingo wao, koma msonkhanowo sunawazenge mlandu. A Moody, amene sanagwirizane nao pa nkhani zina, sanaleke kuwakonda ndi kuwachitira umboni kuti ndi munthu wofanana ndi Khristu m'khalidwe. Zinawaŵaŵa, koma sanabwezere chipongwe.

IMFA YAO

Chaka chomwecho cha 1895 anayamba kudwala matenda a khansa ya m'mafupa. Munthu amene anayenda pansi mapiri a Chitipa anafika posatha kutembenuka yekha pa bedi. Anagona chomwecho zaka ziŵiri ndi ululu waukulu. Sanafunefune woombeza, sananene kuti abusa odana nao awalodza, ndipo anzao amene ankabwera kudzawazonda ankabwerera atasangalatsidwa ndi wodwalayo. Anamwalira pa 11 Malichi 1897 ku Tunbridge Wells ku England, ali ndi zaka 45, ndipo anaikidwa kwao ku Stirling. Sanakwatire, tsono ana ao ndi anyamata aja anawathandiza.

Pali chinthu chimodzi chimene sanakhale ndi moyo kuti achione. Pamene anali kuno, azungu ankaganiza kuti malungo amachokera ku mpweya woipa wa m'madambo, ndipo makolo athu ankaganiza zao. Mu Ogasiti 1897, patangopita miyezi isanu iwo atamwalira, Dotolo Ronald Ross ku India anapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu. Chobisika chimene chinadzaza manda a ku Cape Maclear chinaululika, osati m'maloto, koma ndi munthu woleza mtima woyang'ana pa makina okuza zinthu. Lero tikamagoneka ana m'masikito, tikudya zipatso za kudekha kwake.

NANGA IFE A KU URAHA?

Ntchito yoŵerenga miyala ya Karonga sinathere pa a Drummond. M'zaka za m'ma 1920 a Frank Dixey anapeza mafupa a chinyama chachikulu chakale, chimene mu 1993 chinapatsidwa dzina lakuti Malawisaurus. Ndipo m'chaka cha 1991 gulu lotsogozedwa ndi a Friedemann Schrenk a ku Germany ndi a Timothy Bromage a ku America, pamodzi ndi anthu a kwathu kuno, linapeza pa Uraha nsagwada ya pansi imene inalembedwa nambala UR 501. Akatswiri amati ili ndi zaka pafupifupi 2,400,000, ndipo ili m'gulu la mafupa akale koposa a mtundu umene anthufe tili m'menemo. Kachidutswa ka dzino kamene kanasoŵa anakapeza chaka chotsatira, atasefa dothi lambirimbiri. Nkhani yonseyi mungakaione ku nyumba yosungiramo zakale ya ku Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004.

Ndidziŵa kuti mu mpingo mwathu ena amaŵerenga masiku a pa Genesis 1 monga masiku athu omweŵa, ndipo ena amaŵerenga monga a Drummond, kuti ndi nyengo zazitali m'manja mwa Mulungu. Ine sindine woweruza pa mlandu umenewu, abusa athu alipo. Koma pempho langa ndi ili: mwana akabwera ndi funso, tisamutche wachikunja. Mwana wanga wamkazi atandifunsa za nsagwadayi ndinamukalipira, ndipo anakhala miyezi osaloŵa m'tchalitchi. Ndinachita kupepesa ndine. Safunsa anadya phula. Mwana amene wamva kuti kunali mlaliki amene ankatola mafupa a nsomba pa Rukuru mkati mwa sabata nagwada pa Mgonero pa Sabata, adzadziŵa kuti sayenera kutaya Baibulo kuti akhoze mayeso.

Pa nkhani ya mauthenga, tikumbuke chaka cha 1995, pamene a Billy Goodson Chisupe a m'boma la Machinga analengeza kuti mizimu inawaonetsa m'maloto mtengo wochiza Edzi. Anthu masauzande ambirimbiri anakwera malole kukamwa mchape, koma maliro sanaleke. Chimene chinadzutsa odwala athu pa mphasa ndi mankhwala a ma ARV, amene boma linayamba kugaŵa ulere mu 2004. Sindikunyoza munthu amene anapita, pakuti wodwala amagwira paliponse. Sindikunenanso kuti Mulungu salankhula. Koma kalata yoyamba ya Yohane, mutu 4, imatilamula kuyesa mizimu, ndipo a Drummond atipatsa muyeso wosavuta. Uthenga umene ukuuza wodwala kuti ataye mankhwala ake, umene ukuyamba ndi kufuna mbuzi kapena ndalama, umene ukuthamangitsa agogo m'nyumba yao usiku, tiuike pa zigawo 9 zija za chikondi, tione ngati ukwanira ngakhale chimodzi.

Tsono pamene tikukondwerera zaka zimene Ambuye atiyendetsa, tiyeni tipangane zinthu zitatu. Tizimvetsera mafunso a ana athu mpaka kumapeto tisanayankhe. Tiziperekeza odwala kuchipatala, tikuwapempherera pa njira. Ndipo mayi wokalamba akanenezedwa ufiti m'mudzi mwathu, ife a Umanyano tikhale oyamba kukakhala pakhomo pake. Madzulo ano, mukamaliza kudya, ŵerengani ndi ana anu Masalimo 19 ndi 1 Akorinto 13, kenaka muwauze za mzungu uja amene anayesa chirombo udzu.

Ambuye akudalitseni nonse.

Ine wanu m'ntchito ya Ambuye,
Mlembi wa Umanyano, Uraha.